Manja Oimba Piyano ndi Thumba la Zipolopolo

Amayi anzanga mwa Ambuye, pali funso limene lakhala likundisowetsa tulo: kodi munthu wamtendere akanyamula zida pofuna kuteteza anthu ake, wachimwa? Ndayamba kuliganizira chifukwa cha mbiri ya Myuda wina wa ku Poland, Władysław Szpilman.

Bamboyu anabadwa mu 1911 ndipo ntchito yake inali yoimba piyano pa wailesi ya mumzinda wa Warsaw. Pa 23 September 1939 anaimba nyimbo ya Chopin pa wailesiyo mabomba a Ajeremani akugwa kunja, ndipo tsiku lomwelo wailesi inazima. Mu 1940 Ayuda oposa 400,000 anatsekeredwa m'dera limodzi lozingidwa ndi khoma, kumene ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Mu August 1942 bambo ake, mayi ake, mbale wake ndi alongo ake awiri anakwezedwa sitima kupita ku Treblinka kukaphedwa. Iye yekha anakokedwa pamzere ndi wapolisi wachiyuda amene anamuzindikira.

Atatsala yekha, anagwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga yomanga nyumba. Nthawi imeneyo anayamba kuthandiza anzake kulowetsa zipolopolo m'dera la Ayuda, zitabisidwa m'matumba a mbatatesi. Zala zozolowera piyano zinanyamula zida za imfa.

Funso lotere si lachilendo kwa ife a ku Chiradzulu. Bishopu wathu woyamba, Charles Mackenzie, ali pa ulendo wopita ku Magomero mu 1861, anakumana ndi anthu omangidwa magoli akupita kukagulitsidwa. Anagwira mfuti, nathira nkhondo amene ankawayesa ogwira akapolo. Ambiri anamasulidwa, koma midzi inapsa, udani unakula, ndipo Akhristu ena ku England anamudzudzula. Ku Mbombwe nako, mbusa John Chilembwe anadzutsa nkhondo mu January 1915 atatopa ndi thangata. Mpaka lero timakangana ngati anthu a Mulungu amenewa anachita bwino.

Ine sindingamuweruze Szpilman. Sindinaimepo pasiteshoni kuona amayi anga akutsekeredwa m'sitima ngati ng'ombe. Munthu amene sanalawe zimenezi asafulumire kuloza chala. Komabe tiyeni tione chimene chinapulumutsa moyo wake. Ayuda a ku Warsaw anaukiradi mu April 1943, namenya nkhondo molimba mtima, koma patatha mwezi umodzi anagonjetsedwa. Szpilman anali atathawa kale mu February chaka chomwecho, ndipo anabisidwa ndi anzake a ku Poland, ena mwa iwo amayi. Lamulo linali lakuti wobisa Myuda aphedwe. Iwo ankadziwa zimenezi, koma ankamubweretserabe chakudya.

Chodabwitsa kwambiri chinachitika mu November 1944. Ali wofooka ndi njala m'nyumba yosiyidwa, anapezedwa ndi kaputeni wa asilikali a Germany, Wilm Hosenfeld, amene kwawo anali mphunzitsi ndiponso Mkatolika. Atamva kuti ndi woimba piyano, anamuuza kuti aimbe. Kenaka anamusonyeza pobisala pabwino, namubweretsera buledi ndi jamu, ndipo potsanzikana anamusiyira chikhoti chake. Szpilman anakhala ndi moyo mpaka 2000. Hosenfeld anafera m'ndende ya Soviet Union mu 1952, ndipo mu 2009 dziko la Israel linamulemekeza monga wolungama.

Apa mpamene ndapeza yankho langa. Munthu amafika ponyamula zipolopolo pamene anansi ake ambiri atseka zitseko. Mlandu waukulu suli pa woimba piyano uja ayi, uli pa khamu limene linaona Ayuda akutengedwa nkukhala chete. Choncho funso lotiyenera ife amayi si lakuti kodi tingagwire mfuti, koma lakuti kodi tingatsekule chitseko.

Monga namwino wakale, ndimakonda nkhani ya azamba awiri a pa Eksodo 1, Sifra ndi Puwa. Farao anawalamula kupha ana aamuna a Aheberi, koma iwo anakana chifukwa choopa Mulungu. Analibe lupanga. Anangokana kupereka manja awo ku choipa.

Musaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. Kuyambira 2014 tamva kangati za abale athu achialubino akusakidwa ngati nyama? Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti. Kodi panalibe Mkhristu pafupi? Mawa agogo a m'mudzi mwanu akathamangitsidwa ndi anyamata a miyala, nagogoda pakhomo panu, mudzachita chiyani? Kutsekula kuli ndi mtengo wake. Mawindo akhoza kusweka, ndipo nanunso adzakutchulani mfiti. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane zimenezi mosabisa. Tilembe maina a okalamba okhala okha m'dera lathu, tiziwayendera kuti anthu aone kuti ali ndi abale, ndipo tigwirizane ndi amfumu ndi apolisi zinthu zisanaipe. Unifolomu yathu isakhale ya pamaliro pokha.

Ambuye atipatse mtima wotsekula chitseko. Amen.