Mutu ukakula sulewa nkhonya

Akuluakulu ankanena mawu amenewa pofuna kukumbutsa mfumu kuti ukulu umabwera ndi milandu yake. Mwambiwu ukuwakhudzanso akatswiri a mafilimu amene amapita kukachita zisudzo pamaso pa anthu.

Mu 2006, Julia Roberts, yemwe anali atalandira kale mphoto ya Oscar, anakwera pasiteji ku Broadway, mumzinda wa New York, m'sewero la Three Days of Rain. Matikiti anagulidwa ngati chimanga cha nthawi ya njala. Koma olemba nyuzipepala ambiri sanamunyengerere. Anati ankaoneka womangika thupi. Wosewera wosadziwika akanalakwa chimodzimodzi, nkhaniyo ikanathera m'holomo.

Vuto lake n'lomveka. M'filimu, kamera imamuyandikira munthu, moti kungophethira diso kumauza oonerera zamumtima. Ukalakwitsa mawu, mumajambulanso. Pasiteji palibe kubwereza. Mawu ayenera kufika kwa munthu amene wakhala mpando wakumapeto, ndipo sewero lomwelo umalichita kasanu ndi katatu pamlungu, wosasa mawu kapena ayi.

Ine ndimalemekeza amene amalolera nkhonyazo n'kubwereranso. Daniel Radcliffe, yemwe dziko lonse linkamudziwa kuti Harry Potter, anasewera m'sewero la Equus ku London mu 2007 ali ndi zaka 17, ambiri akukayika ngati angathe. Sanabwerere m'mbuyo. Anapitiriza zisudzo kwa zaka zambiri, mpaka mu 2024 anapata mphoto ya Tony chifukwa cha sewero lanyimbo la Merrily We Roll Along.