Buku la Zoona Liri Ngati Mboni

Alipo anthu ambiri amene, atatsiriza sukulu, ayesa kuti mabuku ali a mitundu iwiri yokha: a nthano, okondweretsa mtima, ndi a mayeso, olemetsa mutu. Buku liri lonse lonena zinthu zoona aliika m'gulu laciwirilo, naliopa monga mwana aopa mankhwala owawa. Koma mabuku a zoona ali a mitundumitundu. Ena afotokoza mbiri ya mafuko, ena za nyenyezi, ena za nthaka ndi mbeu, ena za nthenda, ndipo ena moyo wa munthu mmodzi. Tsono funso lathu nali: kodi munthu angasankhe mtundu umodzi wokha, nakhala wodziwa coonadi?

Ife titi iai. Buku lotere lifanana ndi mboni pabwalo la milandu. Mboni ingathe kunena zoona zokhazokha, komabe inaima pamalo amodzi, niona mbali imodzi ya mlanduwo. Mfumu yodula mlandu itangomva mboni imodzi siicedwa kulakwira munthu wosacimwa, ndipo wowerenga nayenso ali woweruza, ngakhale akhala yekha pakhonde.

Taganizani za Angoni. Akuluakulu ao anasunga mau akuti tsiku lija Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ake, kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Caka sanacichule, pakuti iwo sanali kuwerenga zaka monga tiwerengera ife. Mnyamata wodzitama ndi maphunziro ake akadati, "Zimenezo ndi nthano za nkhalamba." Koma odziwa za kumwamba ali ndi mabuku a mawerengero, oonetsa masiku amene mwezi unaphimba dzuwa ndi maiko amene mdimawo unagwera, ndipo m'menemo mupezeka kadamsana wa mu November 1835 m'dera lomwelo. Onanitu cimene cinacitika. Wolemba mbiri anapeza caka cake m'buku la wowerenga nyenyezi, munthu amene sanali kufunafuna Angoni konse. Ndipo mau a nkhalamba, amene ena akadawaseka, anapezedwa oona. Wokonda mbiri yokha, wonyansidwa ndi masamu, sakadatha kuwatsimikiza.

Wina adzati, "Ine ndine mlimi, buku la cimanga landikwanira, ndipo ndalama zogulira ena ndiribe." Za ndalamazo sitikana, ngakhale buku limabwerekeka monga khasu. Koma mlimi yemweyo ndiye tate wa mwana wodwala malungo, ndiyenso adzafunsidwa maganizo ake tsiku limene Boma lidzafuna munda wake.

Nkhani ya Kariba ndiyo itiphunzitsa zowawa koposa. Khoma lalikulu lija lotseka Zambezi linatha mu 1959. Mukatsegula buku la amisiri mudzawerenga kuti msinkhu wake ndi mamita 128, ndi kuti madziwo apanga magetsi oyendetsa makina a m'migodi ya ku Copperbelt. M'menemo mulibe bodza, ndipo munthu atseka bukulo ali wozizwa ndi nzeru za anthu. Ayeneradi kuzizwa. Koma m'cigwa ca Gwembe munali Atonga, ndipo pafupifupi 57,000 a iwo, a tsidya lino ndi tsidya lija, anasamutsidwa kuti nyanja ipeze malo. Minda yao ya m'mbali mwa mtsinje, imene inali kubala ngakhale m'cilimwe, inamira pamodzi ndi manda a makolo ao. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo anakana kucoka, ndipo apolisi anapha 8 mwa iwo ndi mfuti. Izi amisiri sanazibise mwa cinyengo; sinali nchito imene anatumidwa. Anazilemba ndi anthu ena, monga mai Elizabeth Colson, amene anakhala pakati pa Atonga madzi asanafike ndiponso atafika, nafunsa m'nyumba ndi m'nyumba, natulutsa buku la kusamukako mu 1971.

Amene wawerenga la amisiri lokha adzaomba m'manja ndi mtima woyera, osadziwa kuti akondwerera pamanda. Amene wawerenga la mai Colson lokha angathe kutemberera khomalo usiku, alikuwerenga ndi nyali ya magetsi ocokera komweko. Ndipo midzi yambiri ya osamutsidwa aja inakhala zaka makumimakumi isanaone magetsiwo, cinkana mawaya ake anali kupita pamwamba pa dziko lao.