Za Matiresi Olimba, ndi Ciweruzo ca Usiku Woyamba

Pali dandaulo limene timalimva kawiri kawiri m'nyumba za abale athu. Munthu asunga ndalama miyezi yambiri, nagula matiresi atsopano, namka nawo kwao mokondwera. Koma kutaca auka ndi phewa lowawa, nati, Ndataya cuma canga pa thabwa. Tsono tifuna kufunsa funso looneka laling'ono, koma mizu yace ipita patali: Kodi cotiwawa ndico coipa nthawi zonse, ndi cotikomera ndico cabwino?

Tiyambe talingalira za matiresi akale aja. Zaka zambiri thupi lagona pamalo pamodzi, nilikumba dzenje lace. Pakati palowa pansi, ndi msana wapindika monga uta usiku ndi usiku, koma mwini wace sazindikira, pakuti anazolowera. Pogona iye pa atsopano osalala, msana uongoka, ndipo minofu yozolowera kupindika iyamba kudandaula. Pamenepo mlandu suli wa matiresi okha, koma wina uli wa cizolowezi. Ife ophunzitsa ana ticidziwa ici bwino lomwe. Mwana wozolowera kugwira pensulo mokhota, tikamuongola dzanja, alemba moipa koposa sabata loyamba, nayesa kuti mphunzitsi wamuononga; koma mwezi utapita, iye yemwe adabwa ndi kuongoka kwa zilembo zace.

Ndiponso matiresi omwe asandulika. Siponji yatsopano iri youma, ndipo ifewa pang'ono pang'ono pogonedwa masabata angapo. Ulipo mtundu wina wa siponji umene unayamba kupangidwa ku America mu 1966, pa nchito ya bungwe la NASA, kuti ukhale m'mipando ya ndege. Umenewu ufewa ndi kufunda kwa thupi, nuuma pa kuzizira. Cifukwa cace wougonera m'mwezi wa June, m'cipinda cozizira, adzaupeza wolimba koposa wougonera mu October. Taonani tsono, thupi lisintha, cogonera comwe cisintha, ndipo ziwirizi zikomana pakati pa njira. Usiku woyamba uli ngati mboni yofika pabwalo isanaone kanthu. Woweruza wanzeru sagamula mlandu pa mau ace okha. Momwemonso ndi mphunzitsi watsopano pasukulu, kapena mkamwini watsopano pamudzi: ambiri anakanidwa sabata loyamba, amene akadakhala dalitso la zaka makumi awiri. Akulu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma pano ticenjere, pakuti pali dzenje lina kutsidya kwa njira. Alipo ena amene ati, Colimba ndico cabwino, makolo athu anagona pa mphasa, ndipo misana yao inali yamphamvu, pirira cabe. Mau awa amveka ngati nzeru, koma si oona onse ai. Anthu akale lomwe anafuna pofewa pogona. Mu 2020 ophunzira a zakale anadziwitsa kuti m'phanga lochedwa Border Cave, ku malire a South Africa ndi Eswatini, anapeza zogonera za udzu woyalidwa pa phulusa, zokhala zaka ngati 200,000. Ndipo mu 2003 sing'anga wa ku Spain, dzina lace Francisco Kovacs, pamodzi ndi anzace, anayesa nkhani imeneyi pa anthu 313 odwala msana nthawi yaitali. Ena anawapatsa matiresi olimba ndithu, ena olimba pang'ono. Ndipo atapita masiku 90, ogona pa olimba pang'ono ndiwo anapeza bwino koposa anzao. Kotero kuwawa pa kokha sikuli umboni wa ubwino.

Cimeneci ticinene molimbika, pakuti kusokoneza kuwawa ndi ubwino kwaononga anthu ambiri pa zinthu zazikuru zoposa tulo. Atate akwapula mwana kopitirira muyeso, nati, Ndimkonza. Wanchito amanidwa malipiro ace, nauzidwa kuti kudandaula ndi ulesi. Mkazi amenyedwa caka ndi caka, ndipo ankhoswe ambwezera komweko ndi mau akuti banja ndi kupirira. Onsewa agonekedwa pa thabwa, nauzidwa kuti thabwalo ndi mankhwala.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji kuwawa koongola ndi kuwawa koononga? Ife tiyesa kuti cizindikiro cace ndi ici: koongola kucepa m'kupita kwa masiku, koma koononga kukhala comweco, kapena kukula. Cifukwa cace wogula matiresi ayambe wafunsa wogulitsa ngati adzalola kuwabweza kapena kuwasintha, ndi masiku angati. Atatero, adziikire nyengo, tinene mwezi umodzi, nagonepo usiku uli wonse, wosathawira ku akale aja. Pa masiku amenewo acite zimene angathe. Wogona cammbali alemetsa phewa ndi ciuno, ndipo ayenera kuyala bulangete lopinda kapena siponji yopyapyala pamwamba, ndi kusankha mtsamiro wodzaza mpata wa pakati pa khosi ndi phewa, kuti msana ukhale woongoka. Ngati sabata laciwiri liposa loyamba, ndi lacitatu liposa laciwiri, alimbe mtima, ali pa njira yabwino. Koma ngati mwezi watha, ndipo auka m'mawa uli wonse ndi dzanzi m'dzanja, ndi msana wowawa kufikira dzuwa litakwera, asadziyese wolephera. Awabweze, ndipo kuwawako kukapitirira aonane ndi a cipatala.

Owerenga okondedwa, munthu atha monga gawo limodzi la magawo atatu a moyo wace ali m'tulo, kotero nkhani ya pogona siiri yacabe. Koma phunziro lace lifika ndi kusukulu, ndi kumunda, ndi kubanja komwe. Wopanda cipiriro ataya cabwino cisanaonetse ubwino wace. Wopirira kopanda muyeso asunga coipa kufikira cimpundula. Tiyeni tipatse cinthu catsopano masiku ace okwanira, tiwawerenge moona mtima, ndipo atakwana tiweruze kopanda mantha.