Usiku Umene Charles Lwanga Sanagone

M'munda wa Getsemani Ambuye Yesu anatenga Petulo, Yakobe ndi Yohane kuti achezere nawo m'mapemphero, koma katatu konse anawapeza ali m'tulo. Sanali anthu oipa ayi, Mbuye wawo anamkondadi. Tulo ndito tinawakulira. Ndipo pamene adani anafika ndi malupanga ndi zibonga, ogona aja ndiwo anathawa, ngakhale Petulo yemwe, amene analumbira kuti adzafera pamodzi ndi Ambuye. Kumvera Mulungu pa tsiku la msautso sikubadwa tsiku lomwelo.

Pali usiku wina, wa m'dziko la Buganda, woyenera kuti akhristu onse aziukumbukira, makamaka aphunzitsi a katekisimu.

Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Buganda m'chaka cha 1879. Mu 1882 anachokako, nabwerera mu 1885. Nthawi yonseyo kunalibe Misa, kunalibe wansembe womvetsa kulapa. Koma ophunzira sanataye mapemphero awo, ankaphunzitsana okhaokha ndi kukopa anzawo. Akhristu a m'midzi yakutali, amene amaona wansembe patapita miyezi, asayese kuti vuto lawo ndi lachilendo mu Eklezia.

Pa 15 November 1885 mfumu Mwanga inapha Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa anyamata otumikira kunyumba yachifumu, chifukwa anaidzudzula pa imfa ya Episkopi James Hannington wa mpingo wa Anglican, ndiponso ankatchinjiriza anyamatawo ku zilakolako zonyansa za mfumuyo. Atangophedwa Mukasa, Charles Lwanga analandira Ubatizo, ndipo udindo wosunga ana aja unamgwera iye. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala ngati mlonda wa m'munda wa mapira, amene satembenukira mbalame msana: kuwalangiza, kuwaphunzitsa, kuwachotsa pamaso pa mfumu ikawafunira zoipa.

Madzulo a 25 May 1886, ku Munyonyo, mfumu inayaka ukali itamva kuti Denis Ssebuggwawo akuphunzitsa mnyamata wina za chipembedzo. Onse anadziwa kuti kukacha kuli mlandu. Lwanga akanatha kulira, kapena kufuna njira yothawira. Koma iye anasonkhanitsa ana ake, napemphera nawo, nabatiza amene anali asanabatizidwe: Kizito, Gyavira, Mugagga ndi Mbaga Tuzinde. Anadziwa katekisimu wake, kuti pangozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera. Mphunzitsi amene lero sadziwa bwino mabatizidwe ake, adzachita chiyani usiku umene adzamgogodera kuti khanda likutsirizika?

M'mawa mfumu inalamula kuti opemphera onse aime paokha. Lwanga anatsogola atagwira dzanja la Kizito, wamng'ono pa onsewo, mwana wa zaka ngati 14.

Apa mpofunika kumvetsa bwino, pakuti ena amayesa kuti kumvera Mulungu ndiko kuuma mutu pamaso pa akulu. Anyamata aja sanali oukira. Ntchito zonse za mfumu ankazigwira mokhulupirika, monga lamulo lachinayi likuphunzitsira, ndipo pa mlandu wawo sanatole nthungo kapena kutukwana. Anakana chinthu chimodzi chokha, ndicho tchimo. Anatsata Apostoli, amene akulu a bwalo la Ayuda atawaletsa kulalika dzina la Yesu, anasankha lamulo la Mulungu, nalola kukwapulidwa. Mkhristu amene amanyoza makolo ake ndi mfumu ya m'mudzi pa zinthu zabwino, kenaka nkugonjera mnzake womuitanira kwa woombeza ula kapena kwa mkazi wamwini, wautembenuza mwambo wonse: wakana pofunika kumvera, wamvera pofunika kukana.

Mphamvu yotere imaleredwa ndi zinthu zazing'ono zimene ambiri amazipeputsa: pemphero la m'mawa lopereka tsiku kwa Mulungu, kulewa nyumba imene munthu akudziwa kuti adzagwamo, ndi kufufuza mtima madzulo asanagone. Satana sabwera kawirikawiri ndi moto wa ku Namugongo. Amabwera ndi chikho chimodzi chowonjezera, bodza laling'ono pamsika, Lamulungu limodzi lojomba ku tchalitchi. Wogonja pa izi tsiku ndi tsiku asadzinyenge kuti adzalimba pa chachikulu.

Omangidwawo anayenda nawo mpaka ku Namugongo, ndipo ena anaphedwa panjira. Kumeneko anakhala m'zingwe ndi m'magoli pafupi sabata yathunthu, anthu akutola nkhuni. Mbaga Tuzinde ndiye anali ndi mayeso owawa koposa, pakuti Mukaajanga, mkulu wa akupha, anali ngati bambo wake. Anamdandaulira kuti asiye chipembedzo apulumuke, abale ake nawonso anamlirira, koma mnyamatayo, amene anali atangobatizidwa kumene, sanatembenuke. Pa 3 June 1886, tsiku la chaka cha Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anawatentha, pamodzi ndi akhristu ena a mpingo wa Anglican. Lwanga anamtentha payekha, pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Papa Paul VI analemba amartiri 22 a ku Uganda m'buku la Oyera pa 18 October 1964, ndipo anayi aja amene anabatizidwa usiku wa ku Munyonyo ali momwemo onse.