NYENGO ZISANU NDI IMODZI ZA DZIKO LAPANSI

Pa 17 Disembala, pamene Adventi ili kupita kumapeto, Eklezia amawerenga pa Misa chiyambi cha Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera. Ndi mndandanda wa maina okhaokha, kuyambira pa Abrahamu kufikira pa Yosefe, mwamuna wa Maria Virigo. Akristu ambiri akamva maina amenewa amayamba kuodzera, ndipo akatekisiti ena amangowalumpha poti ngovuta kutchula. Koma aliponso anthu amene amawakonda mopitiriza muyeso: amatenga zaka za makolo akale olembedwa m'Malembo Oyera, naziwonkhetsa ngati ndalama za msonkho, nati apeza chaka chimene dziko lidzathe. Woodzera uja ndi wowonkhetsa uyu, onse awiri aphonya njira. M'maina amenewa muli chiphunzitso chozama, koma mulibe tsiku la chimaliziro.

CHIPHUNZITSO CHA AUGUSTINO WOYERA

Cha m'chaka cha 400, dikoni wina wa ku Carthage, dzina lake Deogratias, adadandaula kwa Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, kuti ntchito yophunzitsa ofuna ubatizo idali kumulemera. Augustino adamulembera kabuku komulangiza, ndipo m'menemo adamuonetsa njira yofotokozera mbiri yonse ya chipulumutso mwa dongosolo. Monga Mulungu adalenga zonse pa masiku asanu ndi limodzi, chomwechonso mbiri ya anthu ili ndi nyengo zisanu ndi imodzi.

Nyengo yoyamba idayambira pa Adamu kufikira pa Nowa, yachiwiri pa Nowa kufikira pa Abrahamu. Buku la Genesis, mutu 5 ndi mutu 11, lipatsa iliyonse ya nyengo ziwirizi mibadwo khumi. Zitatu zotsatira Augustino adazitenga kwa Mateyo Woyera, amene adagawa makolo a Ambuye m'magulu atatu a mibadwo 14: kuyambira pa Abrahamu kufikira pa Davide, pa Davide kufikira pa ukapolo wa ku Babiloni, ndi pa ukapolowo kufikira pa Kristu. Nyengo yachisanu ndi chimodzi idayamba ndi kubadwa kwa Yezu Kristu, ndipo ndi imene anthu alimo lero.

M'mabuku ake ena Augustino adafanizira nyengozi ndi misinkhu ya munthu. Yoyamba ndi ukhanda, umene munthu saukumbukira, monga chigumula chidafafaniza zonse. Yachiwiri ndi ubwana, pamene mwana aphunzira kulankhula. Yachitatu ndi unyamata, pamene munthu atha kubereka, ndipo Abrahamu adasanduka kholo la fuko losankhidwa. Yachinayi ndi msinkhu wa mphamvu, nthawi ya mafumu. Yachisanu ndi uchikulire, pamene mphamvu ziyamba kuchepa. Yachisanu ndi chimodzi ndi ukalamba wa dziko. Koma monga pa tsiku lachisanu ndi chimodzi Mulungu adapanga munthu m'chifaniziro chake, m'nyengo imeneyi munthu alengedwanso mwatsopano ndi chaulere cha Kristu. Pambuyo pake padzafika Sabata, mpumulo wa oyera mwa Mulungu.

MMENE ENA ADASOKERERA

Salimo 90 ndi kalata yachiwiri ya Petro Woyera ziphunzitsa kuti Mulungu sawerenga nthawi monga anthu: kwa Iye zaka chikwi sizitalika kuposa tsiku. Akristu ena akale adatenga mau amenewa ngati muyeso wa samu. Adati: ngati tsiku lili zaka 1,000, ndiye kuti dziko lidzakhala zaka 6,000 basi. Hippolytus wa ku Roma, m'zaka za m'ma 200, adawerenga kuti Kristu adabadwa dziko litakwanitsa zaka 5,500; motero chimaliziro chidayenera kudza cha m'chaka cha 500. Chakacho chidafika, nichipita. Potsata mawerengedwe a Eusebius wa ku Caesarea, ena adaika zaka 5,199 pakati pa Adamu ndi Kristu, ndipo zaka 6,000 zidakwanira cha m'chaka cha 800. Bede Woyera, mmonke wa ku England, adapeza zaka 3,952 zokha. M'chaka cha 1650 James Ussher, Arkiepiskopi wa mpingo wa Anglican ku Armagh, adalemba kuti dziko lidalengedwa zaka 4,004 Kristu asanabadwe. Pa mawerengedwe akewo zaka 6,000 zidatha cha m'chaka cha 1997.

Nanga anthu ophunzira chotere adasiyana bwanji, buku ali kuwerenga limodzi? Chifukwa chake nchakuti ngakhale mipukutu yakale siigwirizana pa zakazi. Kuyambira pa Adamu kufikira pa chigumula, malembo a Chihebri apereka zaka 1,656, a Chigriki 2,242, a Asamariya 1,307. Mulungu akadafuna kuti anthu apeze tsiku la chimaliziro ndi samu, sakadalola kuti maziko a samuyo agwedezeke chomwechi. Ndiponso akatswiri ofukula zakale adaonetsa kuti anthu akhala pansi pano zaka zochuluka koposa 6,000, ndipo Eklezia sachita nazo mantha zimenezi.

Nkhaniyi siili ya maiko akutali okha. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana adalalika pakati pa Atonga ku Nkhata Bay kuti maufumu a pansi pano adzatha m'chaka cha 1914, ndipo anthu zikwi zambiri adabatizidwa. Njala yao ya chilungamo idali yoona, pakuti msonkho udali kuwapsinja. Koma chimene chidadza m'chaka chimenecho ndi nkhondo, ndi mtengatenga umene udapha anthu ambiri. Tsiku lolonjezedwa likapita pachabe, mitima ya anthu osauka imasweka, ndipo ena amataya ndi chikhulupiriro chomwe.

CHIMENE MAINA AFUNA KUNENA

Augustino mwini wake poyamba adakopeka ndi ganizo la ufumu wa zaka 1,000 pansi pano, koma pambuyo pake adalisiya. M'buku lake lalikulu lonena za Mzinda wa Mulungu adaphunzitsa kuti zaka chikwi za pa Chivumbulutso mutu 20 zitanthauza nthawi yonse ya Eklezia, ndi kuti nyengo yachisanu ndi chimodzi siingayesedwe ndi chiwerengero cha mibadwo. Ndithudi nyengozi sizilingana kutalika: kuyambira pa Davide kufikira pa kugwa kwa Yerusalemu, cha m'chaka cha 587 Kristu asanabadwe, padapita zaka ngati 400 zokha, pamene nyengo ya Kristu yapitirira kale zaka 2,000.

Mateyo Woyera nayenso sadalembe ngati mlembi wa kaundula. Pakati pa Yoramu ndi Uziya adasiya mafumu atatu, Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya, kuti gulu lililonse likhale la mibadwo 14. Ndipo pa Chihebri zilembo za dzina la Davide, zikawerengedwa ngati manambala, zikwana 14. Potero mlembi adanena katatu kuti Yezu ndi mwana wa Davide. Pamene akulonga ufumu pamudzi, nkhalamba yotchula mafumu akale siwerenga zaka zao, ndipo ena imawalumpha. Chimene ifuna nkuonetsa kuti wolowa dzinayo ndiye mwini wake weniweni. Mateyo adachita chimodzimodzi.

Adatchulamonso akazi amene Ayuda sakadawayembekeza: Tamara, Rahabu wa ku Yeriko, Rute Mmowabu, ndi mkazi wa Uriya. M'banja la Mpulumutsi mudalowa alendo ndi ochimwa. Luka Woyera, pa mutu 3, abwerera nawo mzerewo mpaka pa Adamu, kuti fuko lililonse lidziwe kuti Kristu ndi mbale wake.

MAU KWA AKATEKISITI

Atumwi atafunsa za nthawi ya ufumu, Ambuye adawayankha kuti kudziwa zimenezo si kwao, koma kwa Atate okha, nawatuma kukachita umboni (Ntchito 1:7-8). Nchifukwa chake Msonkhano wachisanu wa ku Lateran, m'chaka cha 1516, udaletsa alaliki kutchula nthawi ya chiweruzo chomaliza. Ndipo m'chaka cha 1944 Likulu la Eklezia ku Roma lidagamula kuti chiphunzitso chakuti Kristu adzalamulira mooneka pansi pano chiweruzo chisanafike sichingaphunzitsidwe popanda ngozi.

Tsono katekisiti asaope kuphunzitsa nyengo zisanu ndi imodzi, pakuti zithandiza ophunzira ubatizo kugwira mbiri yonse pa zala zao, ndi kuona kuti Mulungu adalera anthu pang'onopang'ono monga mai alera mwana. Koma akadza mlendo ndi pepala la manambala, nati anthu aleke kulima ndi kutumiza ana kusukulu poti dziko litha mawa, katekisiti amufunse modekha kuti: nanga za chaka cha 500, cha 800, cha 1914 zidatha bwanji? Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mkristu adikira Ambuye khasu lili m'manja, mtima uli woyera, ngongole za abale ake atazikhululukira. Tsiku la dziko lonse nlobisika, ndi la munthu aliyense lomwe. Wokonzeka lero sadzadzidzimuka, ngakhale Mwini nyengo zonse adze usiku kapena usana.