Goli adasema ndani?

Mdzukulu wanga, khala pansi. Nkhani iyi safotokoza choimirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusukulu adakuuza kuti Aluya ndi Azungu adatenga anthu athu ukapolo. Sadaname. Anthu oposa 12 miliyoni adakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja ya Atlantic, ndipo pafupifupi 2 miliyoni adafera pamadzi. Ofika adakathera m'minda ya nzimbe ku Brazil ndi kuzilumba za Caribbean, ena m'minda ya thonje ku America. Ambiri mwa iwo adali a kumadzulo, ku Angola, ku Kongo ndi kumtunda kwake.

Kuno njira idaloza kum'mawa. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah, amene timamutcha Jumbe, adakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ankawasunga m'mipanda kudikira mphepo yabwino. Kenaka ngalawa zamatanga zinkawawolotsa nyanja. Kutsidyako kunkayamba ulendo wapansi wa miyezi, mpaka ku Kilwa. Ena m'khosi muli goli, ena atasenza minyanga ya njovu. Wofooka sankamudikira. Opulumuka ankagulitsidwa pamsika ku Zanzibar. Enanso adatsikira ku Quelimane m'manja mwa Apwitikizi. M'chaka cha 1794 chombo chotchedwa São José chidanyamuka ku Mozambique ndi anthu pafupifupi 500, kupita ku Brazil. Chidasweka pamiyala ku Cape Town. Oposa 200 adamira. Otsalawo adawavuula m'madzi n'kuwagulitsa konko.

Tsono ndikufunse. Goli lija adasema ndani? Mfumu ya ku Zanzibar sinkadziwa mtengo wa mphanda m'nkhalango yathu. Sinkadziwa njira ya kudambo, kapena nthawi imene atsikana amakatunga madzi. Adaloza njira ndi munthu wodziwa mudzi. Umamva za ogulitsa anthu monga Mponda, Makanjira ndi Mlozi, koma usaloze mtundu umodzi chala. Mafumu ang'onoang'ono a mitundu yonse adalawako. Wolephera kulipa mlandu ankaperekedwa. Mwana wamasiye ankaperekedwa. Woneneredwa ufiti naye chimodzimodzi. Chaka cha njala, munthu ankasinthidwa ndi chakudya. Malipiro ake nsalu ya merikani, mikanda, mfuti ndi onga.

Mfuti ndiyo idaononga zonse. Mfumu yopanda mfuti inkagwidwa ndi yamfuti. Kuti ipeze mfuti, inkayenera kugwira anthu a mudzi wina. Mudzi umenewo nawo unkafuna yake. Wogulitsa lero, mawa ali m'goli yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Minda idagonera, anthu adathawira kumapiri ndi kuzilumba, ndipo mbale adayamba kuopa mbale wake. Bala limeneli ndilo lidachedwa kupola, kuposa la m'khosi.

Kutha kwake sikudabwere tsiku limodzi. Mu 1861 David Livingstone adamasula anthu 84 pamudzi wa Mbame, napita nawo ku Magomero pamodzi ndi Bishopu Mackenzie. Msika wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, pamalopo n'kumangapo tchalitchi. Komabe magoli adapitirira kuyenda zaka zina 20 ndi kuposerapo. Mlozi adanyongedwa ku Karonga mu 1895. Tiyamike amene adachita zabwino, ndipo ine ndimayamika. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Amene adathyola goli adatenga dziko, ndipo m'minda ya Azungu ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu makolo athu adakumana ndi thangata.

Ndipo tamvera ichi. Britain itathetsa ukapolo m'maiko ake mu 1833, boma lidatulutsa mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi. Adalandira ndi eni akapolo. Wolima nzimbe uja, wa zipsera pamsana, sadalandire kanthu. Lero zidzukulu zake ku Jamaica ndi ku Barbados zikufunsa za ngongole imeneyo. Ena akuti nzakale. Ine ndikuti mlandu suola. Abale athu ena ali ku Somalia, m'chigwa cha Jubba, zidzukulu za Ayao, Anyanja ndi Amakua amene adatengedwa ukapolo, ndipo mpaka lero amawayang'anira pansi.

Ndakuuza zonsezi pachifukwa. Ndamva kuti pali munthu akukulonjeza ntchito ya m'nyumba ku Oman, ulendo wandege waulere. Dziwa kuti mfumu ya Oman yomweyo, Seyyid Said, ndiyo idasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Sindikuti aliyense wa kumeneko ndi woipa. Koma atsikana athu ena adapita m'zaka zomwezi. Atafika adawalanda pasipoti. Adagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo pofuna kubwerera adauzidwa kuti ayambe abweza ndalama zimene bwana adawonongera pa iwo. Amene adawapezera njira sadali mlendo. Adali wopemphera nawo, kapena mnzawo wa pa WhatsApp wolankhula chilankhulo chathu chomwechi.

Safunsa adadya phula. Usapereke pasipoti yako m'manja mwa munthu. Usasayine pepala limene sunaliwerenge. Munthuyo akabweranso, umuuze adzakhale pakhonde pano masana, malume ako alipo, ndipo abwere ndi kalata ya ntchitoyo, tikaionetse kuofesi ya zantchito kuboma.