Kodi Mkhristu Angafune Uphungu Pamene Mtima Walema?

Werengani: 1 Mafumu 19:1-18, 2 Mbiri 16:7-12, 2 Akorinto 7:5, 6, 2 Timoteo 4:9-21.

Alipo abale ndi alongo amene malo awo m'kalasi ya Sukulu ya Sabata amakhala opanda munthu nyengo imodzimodziyo chaka ndi chaka. Ena amasowa mu Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuwomba ndipo chisanu chagwira midzi ya Mchinji kuyambira ku Kamwendo kufikira kumalire a Mwami. Ena amasowa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Tikawayendera timawapeza alibe malungo kapena bala, koma tulo sakupeza bwino, chakudya sichikuwakomera, ndipo ntchito imene ankaikonda yasanduka mtolo. Funso lathu ndi ili: kodi munthu wotere akapita kwa mlangizi kapena kuchipatala, wachepa chikhulupiriro?

Chimene Madokotala Apeza

M'chaka cha 1984, dokotala Norman Rosenthal ndi anzake ku America anafotokoza nthenda ya kukhumudwa imene imabwera m'nyengo yachisanu ndi kuchoka dzuwa likachuluka. Ku mayiko akumpoto monga Norway, usana wa mu Disembala umafupika mpaka maola 6 okha mumzinda wa Oslo, ndipo kuchepa kwa kuwala kumasokoneza nthawi ya tulo ndi kagwiridwe ka ntchito ka ubongo. Odwala kumeneko amathandizidwa pokhala pafupi ndi nyale yowala kwambiri kwa mphindi 30 m'mawa uliwonse, pokambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, ndiponso nthawi zina ndi mankhwala.

Kwathu kuno usana wa mu Juni umaposa maola 11, choncho dzuwa silitithawa monga limachitira kumeneko. Komabe ifenso tili ndi nyengo zathu zolemetsa mtima: nyengo ya njala, ndi nyengo yokolola pamene mlimi wagulitsa fodya, soya kapena mtedza n'kupeza kuti ndalama zonse zathera kwa amene anamukongoza. Kudandaula pa zinthu zotere n'chibadwa cha munthu. Koma chisoni chikakhala tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposerapo, munthu n'kuyamba kudziona wopanda pake, pamenepo tikunena za matenda, monga momwe tinenera za shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Eliya Patsinde pa Mtengo

Malemba sabisa kufooka kwa atumiki a Mulungu. Eliya, amene anaona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli, anathawa mawu a Yezebeli, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nalowa yekha m'chipululu, napempha kuti afe. Taonani mmene Yehova anamsamalira. Poyamba anamlola kugona. Kenaka mngelo anampatsa mkate ndi madzi kawiri konse, chidzudzulo chisanamveke ngakhale chimodzi. Atafika ku Horebe, Mulungu anamfunsa funso limodzi kawiri, namlola kutulutsa zonse zinali kukhosi. Pambuyo pake anakonza ganizo lolakwika limene linali kumudya, lakuti watsala yekha, pomuuza za anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Anampatsanso ntchito yoti achite ndi mnzake woyenda naye, ndiye Elisa.

Mlangizi wabwino wa masiku ano amayenda m'njira yofanana nayo. Amafunsa za tulo ndi chakudya, amamvetsera modekha, amathandiza wodwalayo kuyesa maganizo ake ngati ndi oona, ndi kumbwezera pang'onopang'ono ku ntchito ndi kwa anthu. Ngati Mulungu mwini anachita zimenezi kwa mneneri wake, tinganene bwanji kuti ndi tchimo munthu kuzilandira kwa mnzake amene anaziphunzira?

Nanga Mfumu Asa?

Wina adzati: kodi Asa sanatsutsidwe chifukwa chofuna ochiritsa? Funsoli n'loyenera kuliyankha. Tikawerenga chaputala chonse cha 2 Mbiri 16 tipeza kuti Asa anali atatembenuka kale. Anadalira mfumu ya Aramu, natsekera m'ndende mlauli Hanani amene anamchenjeza. Nthenda ya mapazi inampeza ali wouma mtima, ndipo kulakwa kwake kunali kusafuna Yehova. Koma Hezekiya anapemphera ndi misozi, ndipo Yesaya analamula kuti pa chithupsa chake paikidwe nkhuyu (Yesaya 38:21). Pemphero ndi mankhwala zinakumana pa mphasa imodzi. Malire amene Malemba aika ndi oletsa kupita kwa oombeza ula ndi obwebweta (Deuteronomo 18:10-12). Mlangizi wa kuchipatala saitana mizimu, ndipo saloza mbale wako kuti ndiye wakulodza.

Ife a Seventh-day Adventist tiyenera kumvetsa zimenezi koposa ena. Timaphunzitsa kuchokera pa Genesis 2:7 kuti munthu ndi mmodzi wosagawika, fumbi ndi mpweya wa moyo pamodzi. Ubongo ndi chiwalo cha thupi, ndipo umadwala monga chiwindi kapena mapapo. Ellen G. White, m'buku lake la The Ministry of Healing la m'chaka cha 1905, anapatula mutu wathunthu wa kuchiritsa maganizo, natchulanso kuwala kwa dzuwa, mpweya wabwino, kupumula, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi, kudziletsa ndi kudalira Mulungu monga mankhwala enieni. Mpingo umene unamanga chipatala cha Malamulo ku Thyolo ndi cha Mwami kutsidya kwa malire athu kufupi ndi Chipata sunganene kuti kufuna chithandizo ndi kusakhulupirira.

Chisanu Chisanafike

Paulo, ali m'ndende ku Roma, analembera Timoteo kuti afulumire kubwera nyengo yachisanu isanafike, ndipo amtengere chofunda chimene anasiya kwa Karpo ku Trowa pamodzi ndi mabuku. Dema anali atamsiya. Amene anatsala naye ndi Luka yekha, dokotala uja (Akolose 4:14). Mtumwi wamkulu sanachite manyazi kupempha chofunda ndi bwenzi. Ndipo pamene anali wopsinjika ku Makedoniya, akuti Mulungu anamtonthoza ndi kufika kwa Tito. Chitonthozo chinali cha Mulungu, koma chinayenda ndi miyendo ya munthu.

Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kukambirana ndi anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Pa misonkhano ngati 6, wodwalayo amatchula mavuto ake, amasankha limodzi, ndipo awiriwo amafuna chimene chingachitike sabata imeneyo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wa anthu oposa 500, anasonyeza kuti patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa ena aja anali pafupifupi theka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Miyambo 11:14 iphunzitsa zomwezo za kuchuluka kwa aphungu.

Udindo Wathu

Amene amadziwa kuti nyengo yakutiyakuti imamlemera akonzekere monga Paulo. Auze munthu mmodzi womkhulupirira, atuluke kukaothera dzuwa m'mawa, asunge nthawi yogona, asaleke kusonkhana ndi abale, ndipo apewe kachasu, amene amagonetsa chisoni usiku ndi kuchidzutsa chitakula. Zizindikiro zikapitirira, apite ku chipatala cha boma cha Mchinji kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, kumene angathandizidwe kapena kutumizidwa ku Lilongwe. Akapatsidwa mankhwala asawasiye yekha, pakuti amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito.

Koma wolema mtima kawirikawiri alibe mphamvu yodzinyamula yekha. Ndi chifukwa chake katundu wamkulu ali pa ife: akulu a mpingo, madikoni, amayi a Dorika ndi aphunzitsi a makalasi. Tisamfunse tchimo limene anachita, monga anachitira abwenzi a Yobu. Tipemphere naye, timtengere ufa ngati nkhokwe yatha, timperekeze kuchipatala. Ndipo mbale akanena za kudzipha, tisamsiye yekha ngakhale ola limodzi. Tichotse chingwe ndi mankhwala a mbewu, timtengere kuchipatala tsiku lomwelo. Moyo umene Khristu anaufera suyenera kutayika chifukwa ife tinaopa zonena za anthu.

Mafunso Okambirana

1. Chifukwa chiyani Mulungu anayamba ndi tulo ndi chakudya asanalankhule ndi Eliya?

2. Kodi kusiyana kwa Asa ndi Hezekiya kuli pati?

3. Ndani m'kalasi mwanu amene sanaoneke masabata atatu apitawa, ndipo ndani adzamuyendera Sabata lino dzuwa lisanalowe?